Kukonza zithunzi za ukwati pa Linux: kuchokera pa khadi ya kamera mpaka m'manja mwa mkwatibwi

Mwajambula tsiku lonse, kuyambira kutchalitchi m'mawa mpaka perekaniperekani atatha dzuwa litalowa. Khadi yadzaza, miyendo yatopa, ndipo mkwatibwi wayamba kale kufunsa pa WhatsApp kuti zithunzi zituluka liti. Kompyuta yanu ili pa Linux, kaya chifukwa munatopa ndi mapulogalamu akuba obwera ndi mavairasi, kaya chifukwa laputopu yanu yakale inasiyidwa pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025. Lightroom ndi Photoshop, mapulogalamu a kampani ya Adobe okonzera zithunzi, kulibe kumeneko. Adobe sinapangepo mapulogalamu awiriwa kuti azigwira pa Linux, ndipo kuyambira 2013 Photoshop watsopano sagulidwanso kamodzi, amalipiridwa mwezi ndi mwezi. Aliyense amene anayesapo kulipira chinthu chakunja ali ku Lilongwe kapena ku Chipata akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira.

Ntchito yonseyi imatheka pa Linux popanda kulipira kalikonse. Vuto limene ndimaliona kwa anzanga n'lakuti amaika mapulogalamu asanu ndi awiri tsiku limodzi, kulawa aliyense pang'ono, kenako n'kunena kuti palibe wabwino. Pano ndikupatsani njira imene ndimayendamo ine, ndi mapulogalamu atatu okha.

Choyamba: sankhani pulogalamu imodzi yotsukira RAW

Ngati mumajambula JPEG yekha, sinthani kamera kuti izisunganso RAW. Fayilo ya RAW, imene pa Canon imathera ndi CR2 kapena CR3, pa Nikon NEF, pa Sony ARW, pa Fujifilm RAF, imasunga zonse zimene sensa ya kamera inaona. JPEG ndi nsima yophikaphika: kamera yathira kale madzi ndi ufa mmene inafunira, inu mungangotenthetsa. RAW ndi ufa uli m'thumba.

Otsukira RAW akuluakulu pa Linux ndi awiri. RawTherapee anayambitsidwa ndi Gábor Horváth wa ku Hungary, ndipo anamasulidwa kwa anthu onse mu 2010. Amatulutsa zithunzi zakuthwa bwino kwambiri, ndipo mukatsegula chithunzi amayesa kuchifananitsa ndi JPEG ya kamera yanu, zimene zimakhazika mtima pansi munthu wongoyamba. Winayo ndi darktable, amene Johannes Hanika anamuyamba mu 2009. Iyeyu ndi amene amafanana ndi Lightroom pa kagwiridwe ka ntchito: mumasankhiramo zithunzi, kuzikonza, n'kuzitulutsa zonse pamodzi. Watsopano amatuluka kawiri pachaka, cha mu Juni ndi mu Disembala.

Wojambula mapiri a Mulanje kapena mbalame za ku Liwonde, amene amabwera ndi zithunzi khumi zoti aziyang'anitsitsa, RawTherapee amukwanira. Koma wa maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya omaliza maphunziro atenge darktable. Chifukwa chake ndi mamasiki: pafupifupi chida chilichonse mu darktable mungachiuze kuti chigwire pa nkhope pokha, osakhudza deresi. Muona kutsogoloku chifukwa chake zimenezi zili zofunika kwa ife.

Pambali pake muikenso Rapid Photo Downloader wokopera zithunzi, ndi GIMP wa ntchito zomalizira.

Chachiwiri: kuika mapulogalamuwo

Pa Linux Mint, umene ndi mtundu umodzi wa Linux, tsegulani Software Manager, lembani dzina la pulogalamu. Kawirikawiri mupeza iwiri ya dzina limodzi: ina yochokera ku nkhokwe ya Mint, ina yolembedwa Flatpak. Ya m'nkhokwe imakhala yaing'ono koma yakale, chifukwa Mint amatsatira Ubuntu LTS, mtundu wina wa Linux umene umatuluka pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ngati kamera yanu ndi yatsopano, pulogalamu yakale ingakane mafayilo ake. Mwachitsanzo, darktable anayamba kuwerenga CR3 pa 3.8, kumapeto kwa 2021. Amene ali ndi Canon ya mtundu wa R asatenge yakale kuposa imeneyo.

Okonda kulemba pa teminolo, windo lolemberamo malamulo a kompyuta, alembe izi:

flatpak install flathub org.darktable.Darktable

flatpak install flathub org.gimp.GIMP

Chenjerani ndi bandulo. Ulendo woyamba Flatpak amakokanso mafayilo ena aakulu amene mapulogalamuwa amadalira, choncho dikirani bandulo ya usiku kapena pitani pamene pali Wi-Fi. Njira ina ndi AppImage, fayilo imodzi yokhala ndi pulogalamu yonse. Mumaitsitsa pa webusaiti ya darktable kapena ya GIMP, kudina kumanja, kulowa mu Properties, n'kuilola kuti izitseguka ngati pulogalamu. Ubwino wake, mmodzi akatsitsa angagawire anzake pa fulashi, ndipo sikuba: chilolezo cha GPL chimene mapulogalamuwa amayendera chimalola zimenezo poyera.

Za kompyuta: RAM ya 8 GB imagwira ntchito, 16 GB imapepuza. Ngati muli ndi ndalama zosinthira chinthu chimodzi chokha, chotsani hadi disiki yakale muike SSD, disiki yothamanga kwambiri.

Chachitatu: kukopa zithunzi, malo awiri nthawi imodzi

Lowetsani khadi, lumikizaninso hadi disiki yakunja, kenako tsegulani Rapid Photo Downloader. Muuzeni kuti azipanga mafoda potengera chaka ndi tsiku, ndipo azitchula mafayilo ndi deti komanso dzina la ntchito. Kamera imabwereza mayina ikafika pa 9999, ndiye tsiku lina mudzakhala ndi IMG_0412 atatu a maukwati atatu osiyana. Mu gawo la Back Up sankhani disiki yakunja ija, kuti chithunzi chilichonse chizigwera malo awiri pa ulendo umodzi.

Khadiyo musaifufute. Ikani m'kabati mpaka ntchito itaperekedwa. Ine ndinataya zithunzi za chinkhoswe chathunthu magetsi atazima ndili mkati mosamutsa mafayilo, ndipo kukauza banja lija kuti palibe chimene chatsala ndi chinthu chimene sindifuna chidzagwere wina aliyense.

Chachinayi: kupeta

Tsegulani darktable. Chipinda choyamba chimatchedwa lighttable. Kumanzere dinani add to library, sankhani foda yanu. Musasankhe copy & import chifukwa mwakopa kale.

Tsopano petani ngati mpunga. Ikani mausi pa chithunzi, gwirani W kuti chikule, kenako dinani R ngati n'chotaya, 2 ngati n'chopereka, 3 ngati n'choyenera kulowa mu alubamu (manambalawa amapatsa chithunzi nyenyezi). Amene watsinzina, amene wagwidwa akutafuna, chimene chagwedezeka, zonsezo R. Musakonze kalikonse panthawiyi, ngakhale dzanja likuyabwa. Mukatha, sefani pamwamba kuti zioneke za nyenyezi ziwiri kupita m'mwamba basi.

Dziwani chinthu chimodzi chisanakudabwitseni. Pambali pa RAW iliyonse mupeza kafayilo kothera ndi xmp. Musakafufute. Pulogalamuyi sikhudza RAW yanu ngakhale pang'ono, zonse zimene mwasintha imazilemba m'kafayilo kameneko. Posamutsa foda, RAW ndi xmp ziziyendera limodzi.

Chachisanu: kukonza chithunzi chimodzi bwinobwino

Apa ndiye pagona ntchito. Sankhani chithunzi chimodzi chakutchalitchi chimene chili ndi mkwati, mkwatibwi ndi deresi, dinani D kuti mulowe mu darkroom. Chithunzi chioneka chozimiririka kusiyana ndi mmene chimaonekera kumbuyo kwa kamera. Musadandaule. Chija munkaona chinali JPEG yophikidwa ndi kamera, ichi ndi chosaphika.

Kumanja kuli zida zoposa makumi asanu. Ambiri amathawira pomwepa. Inu muzigwiritsa zochepa chabe, ndipo pali bokosi lofufuzira pamene mungalembe dzina la chida n'kuchipeza msanga.

Yambani ndi exposure, chida chokwezera kapena kuchepetsera kuwala. Yang'anani nkhope, osati deresi. Kamera ikaona deresi loyera ndi khoma loyera imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala, nkhope za anthu akuda n'kumira mumdima. Kwezani exposure mpaka nkhope ioneke mmene munthuyo analili pamaso panu. Deresi likaoneka ngati lapsa, lisiyeni kaye.

Deresilo limabwezedwa ndi sigmoid kapena filmic rgb. Zida ziwirizi zimagwira ntchito imodzi, kupanikiza kuwala konse kumene kamera inaona kuti kukwane pa sikirini, choncho muyatse chimodzi chokha. Ine ndimalangiza sigmoid kwa woyamba, chifukwa ali ndi zokokera zochepa ndipo sasokoneza khungu. Sunthani contrast pang'ono mpaka chithunzi chikhale ndi moyo. Mukafuna kuti aziyaka yekha pa chithunzi chilichonse, zimasankhidwa mu preferences, pa gawo la processing. Kuti mudziwe ngati deresi linapseratu m'kamera momwe, dinani Shift ndi O. Pamene paoneka timabokosi ta mitundu, pamenepo sensa inadzaza, ndipo maluwa osokedwa pa deresi sabwereranso onse. Chida cha highlight reconstruction chimayesa kuphimba, koma phunziro lake ndi la Loweruka likubwerali: pojambula RAW tetezani deresi, nkhope mudzaikweza pa kompyuta.

Kenako mtundu. Tsegulani color calibration, tengani kachida kotolera mtundu, jambulani kabokosi pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera kapena chotuwa: kolala ya shati, nsalu ya patebulo. Samalani ndi deresi, ena amakhala a mtundu wa mkaka, ndipo mukawayeretsa chithunzi chonse chimapita ku buluu.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Khungu lathu limatenga mtundu wa chilichonse chimene lili pafupi nacho. Mukaimika akwati pansi pa mtengo wa mango pothawa dzuwa la masana, masaya amatenga kubiriwira kwa masamba. M'holo mmene okongoletsa aika magetsi a pepo, mphumi zimasanduka pepo. Pakhomo la tchalitchi, mbali ina ya nkhope ili ndi kuwala kwa panja, ina kwa mababu achikasu. Ojambula ambiri akaona zimenezi amathamangira kukweza kuwala ndi kusalaza, mpaka mkwatibwi atuluke woyera ngati wadzola mafuta oyeretsa khungu, mayi ake omubala osamuzindikira. Ena amati makasitomala ndi amene amafuna choncho. Zimene ndaona ine n'zakuti munthu amafuna kuoneka wowala ndi wosalala, ndipo zimenezo zimatheka khungu lake likadali lakelake. Chofunika kuchotsa ndi kubiriwira kwa mango kuja, osati kuda kwa munthu.

Kachitidwe kake ndi aka. Pa color calibration dinani kachizindikiro ka timabokosi tiwiri, sankhani new instance kuti mukhale ndi chida chachiwiri. M'munsi mwake sankhani drawn mask, tengani chozungulira kapena burashi, zungulizani nkhope ndi khosi. Kwezani feathering kuti m'mphepete musaoneke mzere. Tsopano sinthani mtundu pang'onopang'ono kuchoka ku kubiriwira, ndipo ziona nkhope yokha. Chimodzimodzi ndi exposure: chida chachiwiri, masiki pa nkhope ya mkwati amene waima mumthunzi wa chipewa, n'kukweza pang'ono. Mukapitirira, nkhope imaoneka ngati yomatidwa.

Ngati mithunzi yonse yada, monga masuti akuda a anyamata operekeza, tone equalizer ndi amene amathandiza. Mukamuyatsa, ikani mausi pa malo akudawo m'chithunzi n'kuzungulitsa gudumu la mausi. Amakweza malo onse a mdima wofanana, osakhudza owala. Amafuna kuzolowera, ndipo tsiku loyamba mungamudumphe.

Zitenje ndi maluwa zikaoneka zofooka, pitani ku color balance rgb, mutsegule mapreseti ake (makonzedwe okonzeratu), musankhe basic colorfulness: natural skin. Amadzutsa mitundu popanda kufiiritsa anthu. Chitenje cha yunifomu ya amayi a mbali ya mkwatibwi chiyenera kutuluka mtundu umene anagula, chifukwa adzachiyerekeza ndi chimene chili m'sutikesi.

Zotsalazo n'zachangu. Yatsani lens correction, amazindikira yekha lenzi yanu ngati ili m'nkhokwe ya Lensfun, n'kuwongola makoma opindika. Yatsani denoise wa profiled pa zithunzi za madzulo zimene munakweza ISO kuti kamera ione mumdima, amadziwa kale phokoso (timadontho tonga mchenga pa chithunzi) la makamera ambiri pa ISO iliyonse. Wongolani chithunzi ndi rotate and perspective, dulani ndi crop. Kachiphuphu kapena kadontho ka fumbi la pa sensa kamachoka ndi retouch. Chipsera chimene munthu wakhala nacho moyo wake wonse musachichotse asanakupempheni.

Musanachoke, dinani Ctrl ndi B. Chithunzi chizunguliridwa ndi mzere woyera pa malo otuwa, ndipo maso anu aona msanga ngati chada kapena chapendekera ku mtundu wina. Ndiponso chepetsani kuwala kwa sikirini yanu. Laputopu yowala kwambiri imanamiza, chithunzi chimaoneka bwino kunyumba koma chikasindikizidwa chimatuluka chakuda.

Chachisanu ndi chimodzi: chimodzi chikonze zinzake

Simungachite zonsezi pa zithunzi mazana anayi. Bwererani ku lighttable ndi L, sankhani chimene mwakonza chija, dinani Ctrl, Shift ndi C. Pabwera mndandanda wa zida zimene munagwiritsa. Chotsanimo crop, retouch ndi zonse za masiki, chifukwa nkhope siikhala malo amodzi pa chithunzi chilichonse. Sankhani zithunzi zonse zojambulidwa m'kuwala komweko, dinani Ctrl ndi V.

Gwirani ntchito m'magulu: za m'tchalitchi pazokha, za panja pazokha, za m'holo pazokha. Gulu lililonse likhale ndi chithunzi chake chotsogolera. Mukatero mumangodutsa chimodzichimodzi n'kukhudza exposure pamene pafunika. Makonzedwe amene mwawakonda asungeni ngati style, mudzawagwiritsenso ntchito pa ukwati wina wa m'tchalitchi chomwecho.

Chachisanu ndi chiwiri: GIMP, pa zochepa zokha

GIMP ndi wakale pa onsewa. Spencer Kimball ndi Peter Mattis anamuyamba mu 1995 ali ophunzira ku Berkeley, ndipo GIMP 3.0 anatuluka mu Malichi 2025. Anthu amalakwitsa pomutenga ngati wokonzera ukwati wonse. Iye ndi wa chithunzi chimodzi chimene chikufuna opaleshoni: kuchotsa waya wa magetsi wodutsa pamutu pa akwati, kusintha nkhope ya mwana amene anatsinzina pa chithunzi cha banja lonse, kulemba mayina ndi deti pa chikuto cha alubamu, kupanga khadi yothokoza.

Tulutsani chithunzicho mu darktable ngati TIFF ya 16 bit, muchitsegule mu GIMP. Pangani leya yachiwiri, kope la chithunzicho losanjikiza pamwamba pake, kuti choyambirira chisawonongeke. H ndi chida chochiritsira, C ndi chokopera: gwirani Ctrl, dinani pamalo abwino, kenako pakani pamalo oipa. Chimene chimasokoneza obwera kumene n'chakuti Save amasunga XCF yokha, fayilo ya GIMP yokhala ndi maleya onse. JPEG imatuluka pa Export As.

Amene mumajambulanso zithunzi za ziphaso, GIMP amathandiza kuyala zambiri pa pepala limodzi. Chithunzi cha mamilimita 35 kwa 45 pa 300 ppi (mapikiselo 300 pa inchi) ndi mapikiselo 413 kwa 531, ndipo pepala la mainchesi 4 kwa 6 ndi 1200 kwa 1800. Koma funsani kaye muyeso umene ofesi yofuna chithunzicho imalandira, chifukwa zimasiyana.

Mwina mudzamva za digiKam, amene amasunga zithunzi za zaka zambiri ndipo amatha kuzindikira nkhope, kapena Hugin wolumikiza zithunzi zingapo kukhala chimodzi chachitali. Ndi abwino, koma adikire mpaka darktable atalowa m'manja.

Chomaliza: kutulutsa ndi kupereka

Mu lighttable sankhani zonse, tsegulani export. Mutulutsa kawiri. Ulendo woyamba ndi zosindikiza: JPEG, quality 95, kukula kusiyidwe pa 0 kuti zituluke zathunthu. Ulendo wachiwiri ndi za pafoni: mbali yaitali mapikiselo 2048, quality 85, mu foda ina. Pa maulendo onse awiri profile ikhale sRGB. Mukasankha Adobe RGB chifukwa dzina likumveka lapamwamba, mitundu idzaoneka yofooka pa mafoni ambiri ndi pa makina ambiri osindikizira.

Pa laputopu yakale kutulutsa kumatenga nthawi, makamaka ngati denoise wayaka pa zithunzi zambiri. Yambitsani batire ili yodzaza, muike laputopu pamalo podutsa mpweya, mupite mukadye. Ngati kompyuta ili ndi khadi ya zithunzi ya Nvidia kapena AMD, onani mu preferences ngati OpenCL, amene amalola darktable kugwiritsa ntchito khadiyo, wayaka, chifukwa amafulumizitsa kwambiri.

Musanasindikize alubamu yonse, tengani zithunzi zitatu, cha m'tchalitchi, cha panja ndi cha m'holo, mukasindikize kumene mumasindikizako. Ziyang'aneni pa kuwala kwa panja, pafupi ndi sikirini yanu. Zikatuluka zakuda, vuto kawirikawiri ndi sikirini yowala ija: ichepetseni, kwezani exposure pa chotsogolera cha gulu lililonse, mukoperenso kwa zinzake.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document, osati ngati chithunzi wamba, apo ayi amazifinya mpaka tsatanetsatane wa deresi n'kutha. Zathunthu ziperekeni pa fulashi. Mukatero koperani foda yonse ya ntchitoyo, RAW, xmp, XCF ndi JPEG zomwe, ku disiki yakunja ija, mutsegule zithunzi zingapo kuchokera pa disikiyo kuti mutsimikize kuti zafikadi. Pokhapo ndi pamene mungatulutse khadi m'kabati, kuibwezera m'kamera, n'kuifufutira momwemo pa Format, kukonzekera Loweruka lotsatira.